Mfumu Mlongoti ndi Chimanga Chopanda Mizu

Ku dziko la Sitigwa kuli mwambo umene alendo amauseka tsiku loyamba, koma akakhalitsa amangouzolowera ngati nsapato yothina. Mfumu sigwa yokha. Ikapunthwa pa chitsa, aliyense amene ali pafupi amayenera kudzigwetsa nthawi yomweyo, kuti pasapezeke munthu woimirira amene angadzanene kuti anaona mfumu ili pansi. Ikatsamwa ndi fupa la nkhuku, bwalo lonse limatsokomola. Mwambowu amautcha kugwa nawo, ndipo ana a kumeneko amauphunzira asanadziwe kupukuta mamina.

Ubwino wake ndi wakuti ku Sitigwa sikunakhalepo mfumu yolakwa. Kuipa kwake ndi kwakuti anthu ake ali ndi mawondo akuda.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi, pa mpando panali Mfumu Mlongoti, mnyamata wamtali, wosaipa mtima ngakhale pang'ono. Ankapereka moni kwa ana, ankakonda mbatata yootcha, ndipo sanalamulepo kuti munthu akwapulidwe. Vuto lake linali limodzi: chibadwire sanamvepo munthu akumuuza kuti ayi. Ali khanda, akataya phala, omulera onse ankataya lawo. Ndiye anakula akuganiza kuti phala ndi lotaya.

Tsono muyenera kudziwa za mbewu. Ku Sitigwa, anthu akakolola, banja lililonse limasankha zisononkho zabwino n'kukapereka ku nkhokwe ya ufumu. Nkhokweyi ili ndi zitseko ziwiri. Chitseko choyamba chimatsegulidwa mfumu ikaomba ng'oma ya kubzala, ndipo anthu amalandira mbewu n'kupita kumunda. Kuseri kwa chitseko chachiwiri kumakhala mbewu yobwezera, ya chaka choipa. Koma makolo anaika lamulo lakuti chitseko chimenechi sichitsegulidwa pokhapokha mfumu itaima patsogolo pake n'kunena ndi pakamwa pake kuti kubzala kumene inalamula kwalephera. Poti mfumu ya ku Sitigwa silephera, chitsekocho chinali chisanatsegulidwepo kwa munthu wanjala. Mbewu ankathirira pa kabowo ka pamwamba chaka ndi chaka, ndipo anankafumbwe a m'menemo anali onenepa kuposa nduna.

Chaka chimenecho Mlongoti anali ndi kachilonda mumtima. Mfumu ya dziko loyandikana nalo la Dikirani inkamutumizira dengu la mondokwa woyamba chaka chilichonse, ndi uthenga waulemu wakuti alaweko pamene akudikira wawo. Ulemu umenewu unkamuwawa kuposa mwano. Choncho kamvula kaja kamene kamagwa dzuwa lili pakatikati pa ukali wake, kamene aliyense amakatcha chizimalupsa, katangowaza pa malata a nyumba yachifumu ku likulu la Manjamanja, mfumu inaitanitsa nduna zonse n'kunena kuti ng'oma ilire mawa lomwe. Chaka chino mondokwa achokera kuno kupita ku Dikirani.

Panalibe nduna imene sinkadziwa kuti chizimalupsa sabzalira. Onsewo anakulira m'midzi. Ena anali ndi minda ikuluikulu yolimidwa ndi azilamu awo. Koma aliyense anayang'ana zala za kumapazi kwake ngati akuziona koyamba.

Amene anaimirira anali a Kamlomo, Nduna ya Zosalaza Mawu, bambo wonenepa masaya amene ntchito yawo inali kutenga zimene zachitika n'kuzisita mpaka zitaoneka ngati zimene zinafunika. Iwo anati mafumu ena amadikira mvula, koma Mwini Dziko wathu mvula ndi imene idzamudikire. Anthu anaomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa pa denga.

M'mawa mwake ng'oma inalira. Chitseko choyamba chinatsegulidwa, ndipo pamodzi ndi mbewu, mayi aliyense analandira chitenje chokhala ndi nkhope ya mfumu itazunguliridwa ndi zisononkho. Chinali chitenje chabwino, chokhuthala, chosasuluka. Tisanamizane, ambiri anabzala chifukwa cha chitenjecho. Amene anayesa kubisa mbewu yawo m'mitsuko kuti adikire mvula yeniyeni anakumbutsidwa ndi asilikali a mfumu, mwaulemu ndithu, kuti mfumu sibzala yokha.

Mbewu inachita zimene mbewu imachita. Inamva kachinyezi, n'kutulutsa kamutu. Kenako dzuwa linabwerera pa ntchito yake. Pofika sabata yachiwiri, minda yonse ya Sitigwa inali mizere yokongola ya fumbi.

A Kamlomo sanagone tulo tosowa mawu. Analengeza kuti chimanga sichinafe ayi, koma ndi chimanga chaulemu, chimene chasankha kumera cholozera pansi kuti chisatalike kuposa mfumu yake. Kenako anakhazikitsa Bungwe Lofufuza Khalidwe la Dzuwa. Bungweli linkakumana pansi pa mtengo wa mango, pa mthunzi wabwino, likudya mabanzi ndi kumwa fanta. Litafufuza mozama linapeza kuti dzuwa m'mawa uliwonse limatulukira cha ku Dikirani, ndipo linapempha anthu kuti aganizire okha tanthauzo la zimenezi.

Mfumu ankaiuza kuti zonse zili bwino. Iyo inkakhulupirira, poti inalibe chifukwa chokanira. Inali itasankha kale dengu lotumizira mondokwa.

Ku msika wa Nong'onong'o nkhani inali ina. Kumeneko kunali mayi wina wogulitsa zitumbuwa, Nagama, wa ana awiri, wina woyenda yekha, wina wa kumsana. Mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku minda ya fodya ya kutali ndipo ankatumiza moni wochuluka. Nagama anali mmodzi mwa amene anavina kwambiri tsiku la chitenje lija, ndipo sankabisa. Ankati anavina ndi miyendo yake, anabzala ndi manja ake, ndiye sangatukwane munthu. Koma ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: mvula yeniyeni ikabwera, adzaponya chiyani m'dzenje?

Mnzake wa pa benchi limodzi, Make Siyeni, wogulitsa tomato, anamuuza kuti asadandaule, poti chimanga chikumera cholozera pansi, ndiye pokolola adzangobwereka makasu a okumba zitsime.

“Bola chikafika kwa makolo,” anatero Nagama. “Iwowo adye, poti ndi amene anaika lamulo la zitseko.”

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Aliyense pa msikapo ankadziwa mmene zimakhalira. Mvula yoyamba yeniyeni ikanyowetsa nthaka, masiku obzala amakhala ochepa. Ukawaphonya, chimanga chimadzakula mochedwa, mvula n'kuchisiya chili ndi ngaiyaye zokha. Ndipo mwezi wa njala ukafika, mwana sumuuza za bungwe lofufuza dzuwa. Kutentha kunali kutayamba kulemera, mitambo ikuunjikana masana n'kubalalika madzulo, ngati anthu amene akukambirana za ulendo.

Amayi angapo anapita kwa a Mpiringidzo, nkhalamba yosunga nkhokwe, kukapempha kuti atsegule mwakachetechete. A Mpiringidzo anawaonetsa kiyi amene ankalendewera pa khosi pawo, n'kunena kuti kiyiyo ndi wongothandizira, chitseko chimenechi chimatsegulidwa ndi pakamwa. Anawonjezera kuti iwo atumikira mafumu angapo, ndipo pakamwa pa mafumu pamatuluka zambiri, koma mawu amenewo sanawamvepo.

Zinthu zikanapitirira choncho, koma mfumu inadzuka tsiku lina ndi chilakolako chokaona chimanga chake ndi maso. A Kamlomo anayesa kunena kuti chimanga chaulemu chimachita manyazi chikayang'anidwa. Mfumu inati ingosuzumira pang'ono.

Panalibe kuchitira mwina. Asilikali anatumizidwa ku madimba a m'mbali mwa mtsinje, kumene anthu amathirira ndi zitini, ndipo anadula mmera wa chimanga wobiriwira bwino n'kudzauzika m'munda wa m'mbali mwa msewu umene mfumu idzadutse. Kuzula ndi mizu kukanachedwetsa, ndiye anangosenga ndi zikwakwa. Mundawo unali wa Nagama. Iye anauzidwa kuti avale chitenje chija, aime pa ngodya, amwetulire, ndipo asayankhule.

Mfumu inafika ndi gulu lake lonse, oimba malipenga ali patsogolo. Itaona munda wobiriwirawo, nkhope yake inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa nzimbe. Inatsika pa galimoto, n'kuwerama kuti isisite tsamba limodzi, basi mwachikondi chabe.

Chimangacho chinabwera m'dzanja lake.

Malipenga analeka. Mfumu inatembenuza kammera kaja, n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene kunali kodulidwa bwinobwino. A Kamlomo, amene mwambo unali m'magazi mwawo, anawerama msangamsanga n'kuzula kawo. Nduna zonse zinazula. Asilikali anazula. Oimba malipenga anaika malipenga pansi n'kuzula. Munthu asanameze malovu, munda wonse unabwerera kukhala fumbi, ndipo anthu akuluakulu a dziko anaima m'mizere, aliyense atagwira katsamba ngati akupita ku tchalitchi pa Lamulungu la kanjedza.

Mfumu inayang'ana uku ndi uku kufuna munthu amene alibe katsamba m'manja. Inapeza Nagama yekha, poti iye manja ake anali kumbuyo akugwedeza mwana.

“Mayi, mizu yake ili kuti?”

Nagama anagwada, n'kuyang'ana a Kamlomo, amene ankamutsinzinira ndi maso onse awiri.

“Wawa, anaiiwala ku dimba.”

Mfumu inafunsa za chimanga chenicheni, chimene chinabzalidwa tsiku la ng'oma. Nagama anati chinapsa kalekale, kuno ndi kulikonse. Inafunsa chifukwa chimene panalibe amene anaiuza. Nagama anaganiza kaye, kenako anati iye sakudziwa za akuluakulu, koma kwa iye mwini, munthu ukalandira chitenje chokhuthala chotere, pakamwa pamalemera.

A Kamlomo anayamba kufotokoza kuti ku mayiko otukuka chimanga chamakono chilibe mizu, koma mfumu inali italowa kale m'galimoto.

Apa munthu ungaganize kuti nkhani yatha: mfumu yaona, ipita ku nkhokwe, inena mawu aja, anthu alandira mbewu. Koma munthu amene wagwa koyamba ali wamkulu kale sadzuka ngati mwana. Mwana amalira pang'ono n'kuona gulugufe n'kuiwala. Wamkulu amakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuganizira za moyo wake wonse.

Mlongoti anadzitsekera m'chipinda, n'kugona choyang'ana khoma. Anakana chakudya. Malinga ndi mwambo, nduna zonse zinayala mphasa pa khonde la nyumba yachifumu, n'kugona choyang'ana khoma, n'kukana chakudya. Ili linali tsoka lalikulu kwambiri limene linagwerapo nduna za ku Sitigwa. Ena ankapita kuseri pafupipafupi n'kumabwerako milomo ikunyezimira. Ogulitsa zitumbuwa pa mpanda wa kumbuyo sanadandaule sabata imeneyo.

Tsiku lina mfumu inatumiza mawu kudzera pa chitseko kuti ikutula pansi ufumu, poti siyenera ngakhale kuweta mbuzi. A Kamlomo atamva anathamangira komweko, chifukwa mfumu ikatula, nduna nazo ziyenera kutula nawo. Anagwada pa chitseko n'kuchonderera nthawi yaitali. Ananena kuti mfumu wamba imatula pansi, koma mfumu yaikulu imalapa mwaufumu. Ngati Mwini Dziko wasankha kulakwa, ndiye kukhale kulakwa kumene a ku Dikirani adzachite nako nsanje.

Mawu amenewa anaikomera mfumu. Inatsegula chitseko n'kupempha mbatata.

Choncho kunalengezedwa Chikondwerero cha Kulapa kwa Mfumu. Kudzakhala makwaya ochokera m'zigawo zonse. Kudzakhala zitenje zatsopano, za nkhope ya mfumu ikugwetsa msozi. Mafumu oyandikana nawo adzaitanidwa. Mfumu idzavala chiguduli, ndipo telala wa ku nyumba yachifumu anatenga thumba la feteleza n'kulisoka bwinobwino, ndi kolala ndi matumba am'mbali. Mfumu idzalankhula mawu aatali ofotokoza kulakwa kwake kuyambira pa ubwana. Pa tsiku lomaliza, dzuwa likupendeka, idzaima pa chitseko chachiwiri n'kunena mawu aja. Zonsezi zinkafuna kukonzekera kwa mwezi wathunthu, chifukwa zitenje zinali zoitanitsa kunja.

Ku msika wa Nong'onong'o, Make Siyeni anati iye wakondwa kuti mfumu yasintha. Kale inkawachedwetsa chifukwa sinalakwe, tsopano ikuwachedwetsa chifukwa yalakwa. Wogulitsa makala wina anati mwina apemphe mitambo kuti nayo idikire zitenje. Nagama sanaseke. Mwana wake wamkulu anali atayamba kufunsa chifukwa chimene phala likuchepera m'mbale, ndipo iye anali atatopa kuyankha kuti mbaleyo ndi imene ikukula.

Analembetsa nawo m'kwaya ya chigawo chake. Sikuti ankadziwa kuimba. Anamva kuti oimba amapatsidwa tiyi wa mkaka.

Tsiku loyesera nyimbo pamaso pa mfumu linafika, ndipo makwaya anasonkhana m'holo yaikulu ya ku Manjamanja. Mfumu inakhala kutsogolo itavala thumba lake lija, kuti izolowere kuyabwa. Inali itaonda ndithu, ndipo maso ake anali a munthu amene chisoni chake n'chenicheni. Oimba anayamba nyimbo yopekedwa ndi a Kamlomo, imene inkati palibe mfumu pansi pano yolakwa mokongola ngati yathu.

Ali pakati pa ndime yachiwiri, mvula inagwa. Osati kuwaza. Inagwa mvula ya mabingu, yolemera, imene imabwera ndi fungo la dothi mpaka m'mphuno. Malata anachita phokoso loti nyimbo sinamvekenso. Oimba onse, amene anali alimi asanakhale oimba, anatembenukira ku mawindo. Ena milomo inkangoyenda yokha, maso ali panja.

Phokoso litachepa, mfumu inaimirira kuti iyesere mawu ake. Inayamba ndi tsiku limene inabadwa. Inali itafika pa zaka zake za kusukulu pamene mwana wa Nagama anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mwana amene tiyi wa mkaka sanamufike. A Kamlomo analoza chitseko. Nagama anaimirira ngati akutuluka, koma atafika pakati pa holo anagwada.

“Wawa, ndikhululukireni pakamwa. Ine ndikapsereza nyemba sindiitana kwaya.”

Mfumu inamuzindikira kuti ndi mayi wa munda uja, ndipo inamuuza kuti apitirize.

Nagama anafotokoza mosazungulira. Anati nyemba zikapsa, mtima umawawa, chifukwa nkhuni zapita, nyemba zapita, ndipo anthu a nyumba yoyandikana amva fungo. Koma ana amakhala atakhala kale pa mphasa ndi mbale zawo. Ndiye umatsuka poto, n'kuthyola nkhwani kuseri kwa nyumba, n'kuteleka. Kulira umalira ukusenda nkhwaniwo. Anati mvula imene ikugwayi ndi ija anthu akhala akuiyembekezera, ndipo nthaka sidziwa kuti zitenje zili m'njira.

Mfumu inati Nagama sakumvetsa. Kulakwa kwa mfumu si nyemba. Dziko lonse labzala fumbi chifukwa cha dengu limodzi la mondokwa. Inafunsa kuti manyazi aakulu chotere munthu angawaike pati kuti ayende.

“Kumsana, Wawa,” anatero Nagama, akukweza mwana wake ndi chigongono. “Chinthu cholemera chimene sungachisiye pansi umachibereka. Chimalira, chimakunyowetsa, koma manja amakhala opanda kanthu, umagwira nawo ntchito.”

Mfumu inayang'ana mwanayo. Kenako inafunsa, ndi mawu aang'ono amene sanali m'zokonzekera zake, ngati anthu adzaikhululukira.

Apa a Kamlomo anatsegula pakamwa kuti anene kuti anthu anakhululuka kale mfumu isanalakwe, koma Nagama anawapitirira.

“Sindikudziwa, Wawa. Tidzaona pokolola.”

Ena amati mfumu inakwiya pang'ono ndi yankho limeneli. Ena amati inapuma ngati munthu amene wamasulidwa lamba wothina. Chimene onse amavomerezana n'chakuti inapinda mapepala ake, n'kuwakhalira kanthawi, kenako n'kuimirira n'kutuluka panja pa mvula popanda ambulera. Onyamula ambulera anathamangira kumbuyo kwake, ndipo poona kuti mfumu ikunyowa, anapinda maambulera awo n'kunyowa nawo.

Mbiri inathamanga kuposa mfumu. Pofika ku nkhokwe, anthu anali atadzaza kale, ena ndi malichero, ena ndi ndowa, ena ndi zitenje zija atazimanga ngati matumba. A Mpiringidzo anaima pa chitseko chachiwiri, dzanja lili pa kiyi, khutu lili kwa mfumu.

Mlongoti anayang'ana khamulo. Mawu onse aatali aja anali atatsala pa mpando.

“Ng'oma ndinaombetsa ndine. Nthawi inali isanakwane. Kubzala kuja kwalephera. Ndinalakwa.”

Mwambo ndi mwambo. Khamu lonse linayamba kupinda mawondo kulowera m'matope, ndipo mawu anayamba kumveka, otsogozedwa ndi a Kamlomo, akuti tinalakwa, tonse tinalakwa.

“Ayi,” inatero mfumu, mokweza kuposa mmene inalankhulirapo. “Imirirani. Ichi n'changa.”

Anthu anaima pakati pa kugwada ndi kuimirira, matako ali m'malere, osadziwa kolowera. Zoterezi zinali zisanachitikepo. Koma a Kamlomo, tiwapatse ulemu wawo, ndi munthu amene sagwa chagada. Anadzuka, n'kupukuta bondo, n'kulengeza kuti kuyambira lero kulakwa kwa mfumu ndi katundu wa mfumu, monga ng'ombe zake ndi mpando wake, ndipo aliyense wopezeka akutengako adzaimbidwa mlandu wa kuba. Anthu atamva za mlandu anawongoka onse nthawi imodzi.

Kiyi anavuta, poti dzimbiri nalo linali litazolowera mwambo. Anachita kuthira mafuta ophikira a mayi wina wa zitumbuwa. Chitseko chitatseguka, kunatuluka fungo la zaka zambiri, ndi anankafumbwe amene anayenda pang'onopang'ono ngati eni nyumba odabwa ndi alendo. Mbewu ya pansi inali ufa wokhawokha. Ya pakati inali yobooka. Yabwino inali ya pamwamba, ya chaka chatha, ndipo sinali yokwanira kuti aliyense abzale munda wonse. Banja lililonse linalandira yongokwana theka la munda, kapena kuposerapo pang'ono.

Panalibe amene anaombera m'manja. Nagama anayang'ana mbewu ya m'chitenje mwake, n'kuiyeza ndi dzanja, n'kuuza Make Siyeni kuti mbali yotsalayo adzabzala mbatata, ndipo ana adzadya mbatata mpaka adzafanane nayo. Atatero anamanga mfundo n'kuyamba kuyenda mofulumira, mwana akudumphadumpha kumsana.

Mfumu inaona kuti mwina apa mpoyenera mawu ochepa otsekera. Inakonza kolala ya thumba lake, n'kukweza dzanja. Koma aliyense amene walandira ankangotembenuka n'kuthamangira kumunda. Makwaya anabalalika. Asilikali anapempha chilolezo ndi miyendo. Ngakhale nduna zinazemba imodziimodzi, chifukwa nazonso zinali ndi minda ndi azilamu oti ziwauze zochita. A Kamlomo anatsala kanthawi, kenako anakumbukira kuti pali zitenje zoti akaletse.

Panatsala mfumu ndi a Mpiringidzo, ndi mulu wa mbewu yosakanikirana ndi ufa. Mfumu inafunsa nkhalambayo kuti mfumu ikalakwa n'kuvomera, chimatsatira n'chiyani. A Mpiringidzo anati sakudziwa, poti aka n'koyamba, koma a kumidzi yakutali afika posachedwa ndipo mbewu yotsalayi ikufunika kupeta. Anaipatsa lichero.

Mlongoti sankadziwa kupeta. Poyamba mbewu inkagwa pansi, ufa n'kutsala m'lichero. A Mpiringidzo anamuonetsa kagwiridwe kake osanena zambiri, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kuyenda, ngakhale kuti ufa wonse unkathera kumaso ndi m'tsitsi la mfumu.

Cha kumasana kunafika bambo wina wa njinga, wochokera ku mudzi wa Kumathero, kumene nkhope ya mfumu amangoionera pa zitenje. Anali atanyowa mpaka m'mafupa. Anatsamiritsa njinga, n'kutambasula thumba lake patsogolo pa munthu woyera ndi ufa amene anavala thumba la feteleza.

“Achimwene, thiraniko apa. Koma mfumu yathuyi chaka chino yatipusitsa, eti?”

“Ndamva choncho,” anatero Mlongoti.

“Koma akuti yavomera yokha, pamaso pa anthu.”

“Akuti.”

Bamboyo anapukusa mutu, n'kufinya madzi m'chipewa chake.

“Ndiye bola. Mwina ikula. Tsono inu peterani msanga, achimwene, mukuchita ngati mwayamba lero. Nthaka ikuuma.”

A Mpiringidzo anayang'ana kumbali n'kutsokomola. Mfumu inati zikomo, n'kuwerama, n'kupeta msanga.